Mabatire Oyanika Padenga

Anzanga, mwana wanga Joyisi, uja amaphunzitsa ku Dangamvura, anabwera kuno sabata yatha ndi laputopu yake m'chikwama, akuti ikumangozima yokha. Ukangoichotsa pamagetsi, ngakhale ikuonetsa kuti mphamvu ilimo theka, imangoti zii, nkhope kuda bii. Anandionetsa malo ena m'kati mwake pomwe makinawo amadzinenera okha za thanzi la batire, mphamvu imene linali nayo lili latsopano ndi imene latsala nayo lero. Zolembazo sindinazione bwino, magalasi anga ndi akale, koma nditaitembenuza ndinaona kuti kumimba kwake kwatupa ngati chitumbuwa. Iye n'kumati aikankhabe mpaka chaka chithe, bola azikhala pafupi ndi soketi. Ndinamukalipira mpaka mwana anandiyang'ana ngati ndamwa, poti sadziwa kuti matenda amenewa ndi akumtundu, anatengera ine bambo ake. Ndiye khalani pansi ndikuuzeni. Kuseka mukhoza kuseka, ine ndinasiya kale kuletsa anthu, kungoti nkhaniyi ili ndi maliro m'kati.

Zinachitika dziko lino litangolandira kumene ufulu, nthawi ija Umtali anasanduka Mutare, makondakitala a basi n'kumasokonezabe pokuwa. Tinkakhala mu komboni ya mgodi ku Penhalonga, ndipo ine ndinkagwira ntchito m'chipinda cha nyali. Anthu akatuluka pansi ankandisiyira nyali zawo za pachipewa, ine n'kuzitchaja, kuthira madzi m'mabatire, kupukuta mitu yake, kuti mawa wina asakazimiridwe ali kumdima. Ntchitoyo ndinkaidziwa, pamenepo sindingadzichepetse. Vuto ndi lakuti inandilowa m'mutu. Poti mabatire a kuntchito ankadzuka tsiku lililonse m'manja mwanga, ndinayamba kukhulupirira kuti batire lililonse pansi pano limangogona, silifa. Mu komboni ankanditchula kuti Dokotala wa Mabatire, ena mwaulemu ena monyoza, ine zonsezo ndinkangovomera. Munthu akabwera ndi mabatire a tochi otha, ndinkawayanika padenga la malata, kuwamenyanitsa pang'ono, kuwaluma m'mbali, kenako kuwayesa ndi lilime ndi kawaya. Akanditsina pang'ono palilime ndinkalengeza kuti wodwala wachira. Ndinalinso ndi wailesi ya kaseti, yoyamba mumzere wathu wonse wa nyumba, imene inkakhala pamwamba pa kabati itafunditsidwa kansalu.

Apongozi anga aamuna, bambo Mbewe, anali mtchona. Anachoka kwawo ku Dedza ali mnyamata, wapansi, ndipo sanabwererenso. Fumbi la pansi pa mgodi linawadya mapapo, moti pa nthawiyi akafuna kulankhula ankayamba apuma kaye. Kumudzi kunatsala munthu mmodzi yekha wa bere lawo, mlongo wawo Nambewe, amene anamusiya ali kamtsikana. Tsiku lina tinamva kuti a Kamwendo, mnzathu wa kutchalitchi, akupita kumudzi, azungulira ku Zambia poti njira ya ku Tete inali ya nkhondo, ndipo kwawo kunali kuyandikana ndi kwa apongozi. Mu komboni aliyense anayamba kulembetsa makalata. Apongozi anakana kalata. Anandiitanitsa, ine ndinakhala pambali pa chitseko monga akhalira mkamwini, maso pansi.

"Kalata imalankhula ndi pakamwa pa munthu wina, akamwini," anatero. "Ine sindilemba, mlongo wanga sawerenga. Ndikufuna amve ine mwiniwake, adziwe kuti ndine. Akuti chiwailesi chanu chija chimasunga mawu?"

Ndinavomera ndi mtima wonse. Apongozi anga ndinkawakonda, anzanga. Anandipatsa mwana wawo osandivutitsa, ndipo sanandikwezerepo mawu ngakhale tsiku limodzi. Komanso, tisabisane, ndinaona kuti mwayi wotchuka ndi umenewu. Mawu a munthu kuwoloka mayiko atatu kudzera m'manja mwanga! Tinapangana Lamlungu masana, tikaweruka kutchalitchi.

Loweruka mayi a Joyisi anandiuza kuti ndipite kusitolo ya pamgodi ndikagule mabatire atsopano, poti aja anali m'wailesi anali atavinitsa kale ukwati wa mwana wa aneba. Ine ndinaseka. Ndinawafunsa ngati iwo ndi amene amagwira ntchito m'chipinda cha nyali. Anati ayi, koma bambowo ndi awo. Sikuti ndinali womana, musandimve molakwa, ndinkangoona ngati Dokotala wa Mabatire akaoneka pakauntala akugula atsopano ndiye kuti wavomera kuti mankhwala ake sagwira. Ndinakwera pampando, n'kundandalika akale aja padenga, dzuwa la ku Penhalonga n'kuwaotcha tsiku lonse. Madzulo ndinawaluma, ndinawayesa palilime, ananditsina bwinobwino. Ndinawaika m'wailesi n'kutsegula nkhani, mawu anatuluka amphamvu mpaka nkhuku zinathawa pakhonde. Ndinayang'ana mkazi wanga ndi diso la munthu wopambana mlandu. Chimene sindinaganize n'chakuti kulankhulitsa wailesi ndi ntchito yopepuka, koma kukoka tepi ndi ntchito ya mphamvu. Munthu wodwala akhoza kucheza nawe bwinobwino ali gone pamphasa, koma tamupatseni khasu.

Lamlungu ndinapeza apongozi atavala jekete yawo ya kutchalitchi, tayi, ndi chipewa. Ndinafuna kuwauza kuti kaseti siiona zovala, koma ndinangomeza mate. Anatulutsa amayi onse panja, akazi awo ndi mwana wawo yemwe, n'kunena kuti awa ndi mawu a iwo ndi mlongo wawo basi. Ine anati nditsale poti ndine mwini makina, koma nditseke makutu. Ndinaika wailesi pampando patsogolo pawo, ndinadina mabatani awiri aja, kanyali kofiira kanayaka, timagudumu ta kaseti tinayamba kuzungulira, ine n'kukakhala pambali.

Anayamba ndi moni, ndi mawu awo aakulu aja okhala ngati akuchokera pansi pa mgodi. Anadzitchula dzina la ubwana limene ife sitinkalidziwa. Anafunsa za anthu mmodzimmodzi, ena mwina anafa kalekale. Anafotokoza njira imene anayenda pobwera, mapulazi a ku Odzi kumene anayamba kugwira ntchito, mmene analowera mumgodi, mkazi amene anakwatira, ana amene anabereka ndi amene anaika m'manda a dziko lino. Akatsokomola ankakweza dzanja ngati akupepesa kwa wailesi. Ine makutu anakana kutsekeka, ndipo maso anga, poti sakanayang'ana apongozi, ankangoyang'ana kanyali kofiira kaja.

Pakati pa nkhani ndinaona kuti kanyaliko kayamba kufooka. Timagudumu tija tinkazungulirabe, koma mwaulesi, ngati munthu wobwerera kudambwe la mowa. Ndinadziuza kuti ndi maso anga, mwina kuwala kwa pawindo. Apongozi anapuma, n'kundifunsa osandiyang'ana ngati chinthucho chikugwira. Pamenepa ndiye panali pothawira, anzanga. Ndikanangoti, bambo, tiyeni tipumule, ndithamangire kusitolo. Kodi akanandimenya? Koma pakamwa panga panatuluka mawu akuti, "Chikugwira bwino kwambiri, bambo."

Ndiye anafika pa nkhani imene anavalira tayi. Mawu anatsika. Anati, "Tsono za amayi, mlongo wanga, ine..." ndipo pomwepo timagudumu tinaima. Kanyali kanazima. Ndinaona ndi maso angawa. Apongozi sanaone kanthu, maso awo anali kutali, misozi ikutsikira pakolala ya jekete. Anapitiriza kulankhula ndi bokosi lakufa. Anapepesa kuti sanabwere kudzaika amayi awo. Anati uthenga wa maliro unawapeza, sikuti sunafike ayi, koma anachita manyazi kubwera chimanjamanja atakhala zaka zonsezo kunja, ndiye anati adikire chaka chamawa sutikesi idzaze, chaka chamawacho n'kukhala moyo wonse. Anapempha mlongo wawoyo kuti apite pamanda a amayi akatchule dzina lawo, anene kuti mwana wanu uja sanakuiwaleni. Pomaliza anaimba kanyimbo kamene amayi awo ankaimba popalira, ndi mpweya wochepa umene unatsala m'chifuwamo.

Tandiuzani, munthu ungadule mawu apongozi ako akulira? Ungawauze kuti bambo, liraninso kachiwiri, koyamba kaja sikanalowe? Atamaliza anapukuta kumaso ndi chipewa, n'kunena kuti tsopano katundu watsika. Anandithokoza, anzanga. Anandigwira dzanja, chinthu chimene sanachitepo chikwatirire mwana wawo.

Kunyumba ndinayanikanso mabatire aja mawa lake, n'kumvera poyambira pa tepi ndili ndekha. Mawu anatuluka bwinobwino, apongozi enieni. Mtima unakhala pansi. Ndinati palibe vuto, kwangosowa kumapeto kokha, Lamlungu likubwerali ndipita ndi nzeru, ndikawauza kuti a Kamwendo apempha kuti mawu otsiriza abwerezedwe kuti amveke bwino. Mkazi wanga sindinamuuze. Pakati pa sabata ndinadutsa pakhomo pa apongozi kawiri konse, n'kungopereka moni, manyazi atandigwira. Lamlungu lisanafike, apongozi anatisiya.

Maliro a mtchona ndi owawa mwa mtundu wina. Palibe wa bere lako woti akhale kumutu, amakuika ndi anzako a kumgodi ndi a kutchalitchi. Anthu analira, ine ndinalira kuposa mmene mkamwini amayenera kulirira, ena mpaka anandiyamikira. Tsiku lometa, anthu atasonkhananso pabwalo la nyumba ya malemu, mkulu wa mpingo ananena kuti amva kuti malemu anasiya mawu, ndipo ndi bwino abale ndi anansi amveko pang'ono tepi isanapite kumudzi. Ine ndinali nditakonzeka. Nzeru yanga inali yakuti ndiyimitse tepi isanafike podukapo, ndinene kuti kotsalako ndi kwa mlongo wawo yekha. Ndipo pofuna kulemekeza malemu, m'mawa umenewo ndinali nditapita kusitolo, inde, ine Dokotala, kukagula mabatire atsopano.

Ndinaika tebulo pakati pa bwalo. Ndinayala kansalu. Ndinang'amba pepala la mabatire pamaso pa anthu kuti aliyense aone kuti apongozi anga sindiwaseweretsa. Ndinalankhulako mawu pang'ono, za mmene sayansi yagonjetsera manda, mawu amene mpaka lero ndikawakumbukira ndimafuna kulowa pansi pa bedi. Amayi anakhala pamphasa mitu yometa, abambo anavula zipewa. Ndinadina batani.

Moni uja anatuluka wopyapyala pang'ono, ngati apongozi abwerera ku unyamata. Anthu anayang'anana, koma anati mwina ndi mmene makina amachitira. Kenako mawu anayamba kukwera ndi kuthamanga. Pofika pa nkhani ya mapulazi a ku Odzi, apongozi anali atasanduka mtsikana. Pofika mumgodi anali mbewa. Bambo Mbewe, munthu amene akati "moni" galu ankakhala pansi, ankangoti tswi tswi tswi pakati pa bwalo la maliro awo omwe, ndipo chifuwa chawo chija, chimene chinawapha, chinkamveka ngati kamwanapiye. Ine panthawiyo sindinamvetse chimene chikuchitika. Ndinatembenuza kabatani ka mawu, ndinamenya wailesi pambali, ndinagwedeza waya wa m'mwamba ngati kuti vuto ndi siteshoni. Mbewa ija inangokwezeka.

Mukuganiza kuti anthu anaseka? Bola akanaseka. Mayi wina wachikulire wa ku Tsvingwe anadziphimba kumaso ndi chitenje n'kuyamba kupemphera chamumtima. Bambo wina kumbuyo ananong'ona mwachishona kuti mudzimu waramba, kutanthauza kuti mzimu wa malemu wakana. Ndiye apongozi anga aakazi, amene kuyambira tsiku la maliro anali asanalankhule ndi munthu, anadzutsa mutu.

"Tsekani, bambo a Joyisi," anatero motsitsa. "Amenewo si amuna anga."

Mawu amenewo anandilasa kuposa mbama. Ndinatseka. Mkulu wa mpingo, Mulungu amudalitse kumene aliko, anayambitsa nyimbo kuti aphimbe manyazi, anthu n'kulandira, ine ndili chiimire pakati pa bwalo wailesi ili m'khwapa, osadziwa kuti ndikhale kapena ndithawe. Pofika madzulo komboni yonse inali itagawikana. Ena ankati malemu anakwiya poti mawu awo anatsekeredwa m'bokosi asanafe. Ena ankati alipo amene anatsina tepiyo ndi mankhwala, ndipo panali kale amene ankadziwa n'anga yabwino cha ku Odzi. Palibe amene anaganizira Dokotala, poti onse anaona ndi maso awo mabatire atsopano.

Kupatula munthu mmodzi. Mayi a Joyisi sanandifunse kanthu. Sananene kuti ndinakuuzani. Mawa lake masana ananditengera madzi osamba m'manja monga mwa masiku onse, anagwada, n'kundiikira mbale yovundikira. Nditavundukula ndinapeza mabatire anga aja a padenga, ali ndi zipsera za mano anga, atandandalikidwa bwinobwino m'mbale ya ndiwo. Iwo anakakhala pakhomo n'kuyang'ana kunja. Samva za anzake anamva nkhwangwa ili m'mutu, akuluakulu sananame.

Ndinakhala ndi mbaleyo nthawi yaitali. Ndiye posowa chochita ndi manja, ndinatenga mabatirewo n'kuwabwezera m'wailesi, ndinadina batani. Anzanga, apongozi analowa m'nyumba. Mawu awo enieni, aakulu, odekha, akupereka moni kwa mlongo wawo. Mkazi wanga anatembenuka ngati waitanidwa, anagwira pakamwa, n'kuyamba kulira kulira kumene sanalire ngakhale kumanda. Pamenepo m'pamene mutu wanga unatseguka. Tepi inajambulidwa ikuyenda mwaulesi, ndiye mabatire amphamvu ankaithamangitsa. Kuti apongozi alankhule ngati apongozi, pankafunika mabatire otopa ngati omwe anawajambula. Koma tisanafike n'komwe ku Odzi, mabatire aja anafa, ndipo ulendo uno ngakhale dzuwa silinawadzutse.

A Kamwendo anali atamanga kale katundu. Tepi ikanapita mmene inalirimo, Nambewe akanamva mbewa. Ndinaganiza zoti tibwereke wailesi ina, yanga iziimba ndi mabatire otopa, inayo izijambula ndi atsopano, tipange tepi yabwino. Wailesi ndinabwereka kwa mnzanga Tendai, woyendetsa chikepe cha mumgodi. Chotsala chinali mabatire otopa, ambiri, otopa mosiyanasiyana, poti tepi ija inkanka ifookera kumapeto. Ndiye munthu uja ankachita manyazi kugula batire latsopano anatenga thumba la shuga n'kuyamba kuyenda khomo ndi khomo mu komboni.

Odi, kodi muli ndi mabatire akufa? Anthu ankandiyang'ana ndi chisoni. Amayi ena anathamangira m'nyumba kukanditengera atsopano, ine n'kukana, kunena kuti ayi, ndikufuna otha, koma osatheratu. Pakhomo pena ndinawayesa palilime n'kubweza awiri, ndikuti awa akadali ndi moyo wambiri. Ndikutuluka ndinamva mwini nyumba akuuza mkazi wake kuti maliro amupengetsa mukwasha uyu, kunena ine mkamwini. Ndinafukula m'maenje a zinyalala, ndinagwada pansi pa mabedi a anthu. Amene ankanditchula Dokotala monyoza aja tsiku limenelo anakhuta.

Tinajambulira kunyumba kwa apongozi aakazi, masana, zitseko zotseka. Munali iwo, mkazi wanga ndi ine. Mawailesi awiri anayang'anizana patebulo. Ndinasanja mabatire m'timagulu, otopa pang'ono poyamba, otoperatu kumapeto. Mawu akayamba kupyapyala ndinkaimitsa zonse n'kuika ofooka, akayamba kulemera ngati ng'ombe ndinkasinthanso, n'kubweza tepi m'mbuyo poizunguza ndi bolopeni. Woweruza anali apongozi aakazi. Akagwedeza mutu kukana, tinkabwereza. Akatsinzina, ndiye kuti amuna awo ndi amenewo. Tinayenda nawo chomwecho kuchoka ku Dedza, kudutsa ku Odzi, kulowa mumgodi, ine thukuta kamukamu, ndipo m'kutanganidwa konseko ndinaiwala kuti kutsogolo kuli phompho.

"Tsono za amayi, mlongo wanga, ine..."

Basi. Tepi inangopitiriza kuzungulira, mulibe kanthu. Amayi awiri aja anadikira. Ndinaimitsa mawailesi onse. Ndinatsika pampando n'kukhala pansi, ndipo ndinanena zonse, za padenga, za kanyali, za mmene ndinawasiyira bambo akulankhula ndi bokosi lakufa. Mkazi wanga anayang'ana kukhoma. Ndinkayembekeza kuti apongozi andithamangitsa, ndipo ndikanaona kuti n'zoyenera. Koma iwo anandiyang'ana n'kundifunsa.

"Inu munamva zimene ananenazo?"

"Ndinamva, amayi."

"Paja anati mutseke makutu."

"Anakana kutsekeka, amayi."

"Ndiye nenani. Zonse, mmene ananenera. Musakometse, musachotsepo. Mwana wanga, dina chinthucho."

Mkazi wanga anadina wailesi ya Tendai, kanyali kake kanayaka kofiira kwambiri, ngati kakundinyoza. Ndinayamba ndi kudzitchula, kuti amene mukumva tsopanoyu ndi mkamwini, makina anafa chifukwa cha kupusa kwanga, koma mawu otsatirawa ndi a achimwene anu. Ndiye ndinanena. Za uthenga wa maliro umene unafika, za manyazi, za sutikesi imene sinadzaze, za dzina loti likatchulidwe pamanda. Munthu uja anakana kalata poopa pakamwa pa munthu wina, mawu ake ofunika kwambiri anadzera pakamwa pa ine, ndipo ndinamva kuwawa kwake pa liwu lililonse. Nditamaliza ndinati ndapulumuka, ndinatambasula dzanja kuti nditseke. Apongozi anandigwira mkono. Anati amuna awo sakanamaliza nkhani ya amayi awo popanda nyimbo ija, ankaiimba ngakhale pometa ndevu, ndiye ngati anaimba, nanenso ndiyimbe.

Inu mukundidziwa. Kutchalitchi anandipempha mwaulemu kuti ndizithandiza kusanja mabenchi nthawi ya kwaya. Koma ndikanakana bwanji? Ndinatsinzina, ndinaimba nyimbo yopalira ya mayi amene sindinamuonepo, wa mudzi umene sindinaupondepo, mawu akunjenjemera, kukwera pofunika kutsika, mamina ndi misozi zili pamodzi. Palibe anaseka. Nditatsegula maso ndinapeza apongozi akugwedeza mutu pang'onopang'ono, sindinadziwe ngati akuvomera kapena akupirira. Tepi tinaikulunga m'nsalu, ndipo a Kamwendo ndinawapatsa wailesi yangayo kuti apite nayo, ndi mabatire atsopano osatsegula, ndikuwachonderera kuti asawayanike pena paliponse.

Anakhalako miyezi. Ine nthawi yonseyo tulo tinali tochepa, ndinkangoganiza za mayi uja, kuti mwina akana kuti si achimwene ake, mwina tepi yaduka panjira, mwina iyenso watisiya isanafike. A Kamwendo atabwera tinasonkhana kwa apongozi aakazi. Anati Nambewe anamupeza, wakalamba, maso ayamba kuchita khungu. Atangomva moni anagwira wailesi ndi manja awiri n'kuitana dzina la ubwana lija, anthu a m'mudzi n'kudzaza bwalo. Anamvera yonse mpaka kumapeto. Mawa lake anawatenga a Kamwendo kupita nawo kumanda, anagwada, anatchula dzina la achimwene ake kwa amayi awo monga anapemphera. Apongozi aakazi atamva zimenezo anapuma mpweya wautali, n'kunena kuti tsopano amuna awo afika kwawo. Ine ndinalira poyera, osabisa.

Ndiye a Kamwendo anatembenukira kwa ine, nkhope ili yozizira, n'kunena kuti palinso uthenga wa mkamwini, ndipo anauzidwa kuti aupereke mmene uliri.

"Akuti mawu a kumapeto aja awalandira. Akuti ndi a achimwene awo ndithu, palibe munthu wina akanadziwa za manyazi amenewo, ndipo inu musadzizunze, mwafikitsa. Koma akuti nyimbo ija amayi awo ankaimba bwino, achimwene awonso ankaimba bwino. Ndiye akupempha kuti pa ulemu wa akufa onse awiri, musadzaiyimbenso."

Apongozi anga aakazi, amene anali asanasekepo chiikire amuna awo, anaseka mpaka anagwira nthiti, misozi ikutsika, mkazi wanga n'kulandira. Ine ndinalumbira pomwepo, pamaso pa mboni, malumbiro awiri, ndipo onse ndawasunga mpaka lero. Batire likanena kuti latopa ndimalikhulupirira, ndimaliika m'manda tsiku lomwelo mwaulemu, sindilikweza padenga. Ndipo pamaliro, nyimbo ikayamba, ine ndimangoyendetsa milomo.